Bwalo Linafupika ndi Zala Zinayi

"Gwirani uko, a Mwale. Pansi pa ukonde penipeni."

Ndinagwira. Felista Zulu anayenda chambuyo akukoka tepi yoyezera mpaka pa mzere wa kumapeto kwa bwalo. Anagwada, n'kuwerenga nambala, kenako n'kuyang'ana ine.

"Ayenera kukhala mafiti angati?"

"Sate naini."

"Sakukwana."

"Pang'ono?"

Anaika dzanja pansi, zala zinayi zogundana. Kuseri kwa chala chomaliza kunkaoneka mutu wa msomali.

Linali Lolemba, sikisi koloko m'mawa. Dzulo lake mayiyu anali atapambana pa bwalo lomwelo, ndipo dzina lake linali kale pa pepala la anthu opita kunja kukaimira dziko. Mzere wolakwikawo ndinajambula ndine.

Amene mumawerenga danga lino sabata ndi sabata mukudziwa ntchito yanga. Ndimasamala mabwalo a tenisi pa kalabu ina cha ku Woodlands. Ndinayamba nthawi ya azungu, pomwe munthu wakuda ankalowa pachipata atanyamula khasu, osati raketi. Sukulu ndinalekeza Sitandade sikisi. Kuthirira ndimadziwa, kutsendera dothi ndimadziwa. Kuyeza ndinkati ndimadziwanso.

Nkhani yake ndi iyi.

Mwezi wamawa kuli masewera aakulu a mayiko oyandikana nafe. Kukupita ankhonya, othamanga, osambira, a mpira wamiyendo. A tenisi anawapatsa malo anayi okha, amuna awiri ndi akazi awiri. Ndege ilibe mipando yokwanira onse.

Nanga amasankha bwanji? Ambiri a inu mukuganiza kuti akuluakulu amadzitsekera m'chipinda n'kumatchula ana a anzawo. Ayi. Chaka chonse pamakhala mipikisano, kuno ku Lusaka, ku Kabwe, ku Migodi. Wopambana amamulembera mapointi. Chaka chikamatha amaitana asanu ndi mmodzi amene ali pamwamba. Aliyense amasewera ndi aliyense. Zotsatira amalemba ndi choko pa bolodi limene lili pakhonde, poti ngakhale mayi wogulitsa chimanga chootcha pachipata atha kubwera kudzaona. Awiri apamwamba amapita. Anayi amabwerera kwawo.

Amuna anasankhidwa kale ku Migodi. Akazi anabwera kwa ife, Lachisanu mpaka Lamulungu. Malo oyamba anatenga namwino wina wa ku Ndola amene anagonjetsa onse, wopanda womutsutsa. Achiwiri anatsalira anthu awiri amene anali ofanana pa bolodi, ndipo masewera awo ndiwo anali omaliza.

Mmodzi ndi Felista. Amataipa mu ofesi ina ku Longacres, amakhala ku Kabwata, ali ndi ana awiri. Tenisi anaphunzira pomenya mpira pakhoma la holo ndi raketi yomanga ndi waya. Kawiri konse wakhala wachitatu pa bolodi limenelija, kuona anzake akukwera ndege. Masewerawa sabwera chaka ndi chaka, ndipo bondo lake lamanzere layamba kukana. Iye akudziwa, ife tikudziwa, kuti ulendo wina sadzaitanidwanso. Kasewero kake n'kodekha. Mipira yake ndi yaifupi, yotsika, yotopetsa munthu.

Wina ndi Mwaba Chisanga wa ku Kabulonga. Wangomaliza Fomu faifi. Kwawo kuli bwalo la tenisi kuseri kwa nyumba. Amamenya ngati wakwiya, ndipo mipira yake imathamangira kumapeto kwa bwalo, pa mzere penipeni.

Sindibisa. Ine ndinali kumbali ya Felista.

Mabwalo athu ndi a dothi la chulu. Mpira ukagwa umasiya chidindo. Oweruza ndi ochepa, choncho wosewera aliyense amaweruza yekha mipira yogwera mbali yake. Lamulungu, m'seti yachitatu yomwe ndiyo yomaliza, mipira itatu ya Mwaba inagwera kunja kwa mzere ndi zala ziwiri. Ulendo uliwonse Felista ankazunguliza chidindocho ndi raketi. Mwaba ankabwera, kuona, kuvomera, kubwerera. Panalibe kubera. Felista anapambana. Onse awiri anasaina pepala. Anthu a ku Kabwata amene anabwera pa lole anayamba nyimbo.

Pakalabu pathu pali mwambo. Masewera akatha, wopambana ndiye amakoka chiguduli kusalaza bwalo, kuti obwera pambuyo alipeze bwino. Woluza amapita kukakhala pansi. Felista anakoka. Atafika pakona, chiguduli chinakola pa kanthu. Anawerama. Unali msomali.

Pakona iliyonse ya bwalo pali msomali waukulu umene anakhoma omanga bwalolo kalekale. Mizere imayambira pamenepo. Mwezi watha ndinathira dothi latsopano pa bwalo loyamba, misomali n'kukwiririka. M'malo mofukula ndinati ndingoyeza. Tepi ya kalabu inathyoka chaka chatha, ndipo ina sinapezeke. Mwalowamo m'masitolo a mu Cairo Road masiku ano? Ndiye ndinali ndi chingwe changa cha khonje, cha mfundo, chimene ndinayeza bwino tepi isanathyoke. Lachisanu kunagwa mvula yoyamba. Denga la kanyumba kanga kosungira zida limadontha. Loweruka m'mawa ndinatenga chingwe chonyowa n'kuyezera bwalo limene ndinalisungira masewera omaliza.

Khonje likanyowa limafupika. Aliyense amene anamangapo mbuzi amadziwa. Ine wobadwira ku Katete ndinaiwala.

Lamulungu lija Felista sananene kanthu. Anakwera lole ndi anzake. Lolemba anabwera yekha, asanapite ku ntchito, ndi tepi ya mlongo wake amene ndi kalipentala.

"Ndikonza lero lomwe," ndinatero. "Pofika naini koloko mzere ukhala pamalo pake. Palibe adziwe."

"Ine ndadziwa."

"Bwalo linali limodzi kwa nonse awiri, mayi. Munkasinthana mbali."

"A Mwale, mwationera zaka zingati? Mipira yanga imagwera pati?"

"Pakati."

"Nanga ya Mwaba?"

Ndinayang'ana msomali uja.

"Itatu ija inali mkati," anatero, akupinda tepi.

"Bondo likutha, mayi. Mwana uja ali ndi zaka zambiri kutsogolo. Adzapita ulendo wina."

"Ndiye ndikwere ndege ndi mipira yake itatu m'chikwama?"

Ndalemba izi kuti mudziwe kuti wofuna kubisa ndinali ine. Ndinkati ndikumumvera chisoni iye. Ndinkadzimvera ndekha. Nkhalamba ya zaka zonsezi pa ntchito, kulephera kuyeza bwalo. Anthu akamva ati chiyani?

Masana anabweranso, nthawi ya chakudya, pamodzi ndi ba Mulenga, mlembi wa gulu losankha. Ba Mulenga ndi mphunzitsi wopuma, Mbemba wokhalitsa m'tauni, ndipo sasiyana ndi kabuku ka malamulo. Anaona msomali. Anaona tepi. Anapukuta thukuta.

"Ndani anachita izi?"

"Ndine," ndinatero.

"Za imwe tizakamba, ba Mwale." Anatembenukira kwa Felista. "Manje iwe, mvela. Pepala ipita ku ofesi ya masewera ku Longacres pa Chitatu. Munasaina bonse babili. Lamulo ikamba kuti woluza sangadandaule akasaina. Yasila nkhani."

"Nanga wowina?"

"Wowina chani?"

"Angadandaule?"

Ba Mulenga anatsegula kabuku. Anatembenuza masamba kupita kutsogolo, kenako kubwerera. Anavula magalasi, anavalanso.

"Za wowina sibanalembe. Palibe anaganizapo kuti wowina angafunthe."

"Ndiye ndikupempha tibwereze."

"Uli bwino mu mutu? Ba bwana bako banakupasa kale livu."

"Mawa folo koloko ndikhala nditaweruka."

Ba Mulenga anaimbira anzake a m'gulu. Anakangana pa foni pafupifupi ola. Pamapeto anati ngati onse awiri avomera, abwereze, koma zimene zituluke Lachiwiri ndizo zipite pa pepala. Kachitatu kulibe.

Ataitanidwa pa foni, Mwaba anabwera ndi galimoto ya bambo ake, maso otupa. Ndinkaganiza kuti alumpha ndi chimwemwe. Anakwiya.

"Sinifuna chifundo chanu, ba Felista. Ninaluza, ninasaina."

"Chifundo cha chani? Nifuna nikumenye pa bwalo yonse, osati yodula. Ungazayambe kukamba ku Kabulonga kuti ninakubela."

"Sininakambe."

"Uzakamba ukakula. Bwela mailo, pa Chiwiri. Udye bwino, uzathamanga."

Mwanayo anayang'ana pansi, kamwa likufuna kuseka, iye akulikaniza.

"Na bondo yanu ija?"

"Bondo ni yanga. Iwe samala mipira yako."

Apa ndiime pang'ono, ndilankhule nanu.

Sabata yatha ndinaima padzuwa maola atatu kudikira mafuta ophikira. Nditayandikira khomo anati atha. Kuseri kwa sitolo makatoni ankalowa m'galimoto. Ndinatukwana njira yonse mpaka ku Chelstone. Inunso mwatukwanapo. Koma tsiku limene wogulitsa ndi mlamu wathu, timadzera khomo liti?

Mwana wanga wamkulu akugwira ntchito pa fakitale ina. Tsiku lolemba anthu, pachipata panali khamu. Iye analowa chifukwa kapitawo wa pamenepo ndi malume ake. Tinapita ku tchalitchi kukathokoza Mulungu. Wina anatsala pachipata tsiku limenelo, mwina wodziwa ntchito kuposa mwana wanga. Dzina lake sindilidziwa. Sindinafunse.

Ndi mmene tilili. Chinthu chikatidutsa mokhota timati dziko laipa. Chikatigwera mokhota timati mwayi. Pa misonkhano ya Chipani timaimba kuti munthu ndiye woyamba. Munthu wake uti? Amene ali m'nyumba mwathu, kapena uja watsala pachipata?

Za Felista n'zovuta kuposa izi. Iye sanadzere khomo lakuseri. Sanapemphe munthu. Anasewera mwachilungamo, anaweruza mwachilungamo, lamulo linali kumbali yake, kabuku ka ba Mulenga kanali kumbali yake. Wolakwa anali wina. Akanakhala chete, palibe wansembe akanamuimba mlandu. Chimene iye anafunsa si chakuti ndalakwa kapena ayi. Anafunsa kuti malowa ndi a yani.

Ndi angati mwa ife amafunsa funso limenelo chinthu chili kale m'manja?

Musandimve molakwa. Tenisi si masewera a oyera mtima. Raketi ndi yodula, mipira ikusowa, timamenya mpaka itachita dazi. Mwana wa ku Kabulonga amadzuka bwalo lili pakhomo. Wa ku Kabwata amamenya khoma mpaka mlonda amuthamangitse. Zimenezo bolodi la pakhonde silikonza. Ndaonanso akuluakulu, a matayi, akupondaponda chidindo cha mpira kuti mnzawo asachione.

Koma kasankhidwe kake ndimakalemekeza. Sakufunsa kuti bambo ako ndani. Sakufunsa mtundu, kapena khadi la Chipani. Umabwera, umasewera ndi onse, choko chimalemba. Chimafunika n'chimodzi chokha, kuti bwalo likhale loona ndiponso anthu ake akhale oona. Sabata ino bwalo linanama. Munthu sananame.

Lachiwiri m'mawa ndinafukula misomali yonse inayi. Ndinafufuta mizere yakale, ndinatsendera dothi, ndinayeza kawiri ndi tepi ya kalipentala ija, ba Mulenga atagwira mbali ina. Chingwe cha khonje ndinapatsa mayi wa chimanga kuti azimangira thumba lake.

Felista anafika ndi basi, atavala za ku ofesi, nsapato za tenisi zili m'pepala. Ku Kabwata sikunabwere lole. Kunabwera mlongo wake ndi amayi awiri a ku mpingo. Ena, ndinamva, anakwiya. Anali atauza kale komboni yonse kuti mwana wawo akukwera ndege.

Ndaona masewera ambiri. Ena a azungu ochokera kunja, a zikho zazikulu. Ngati awa sindinaonepo.

Seti yoyamba Felista anamuyendetsa mwanayo bwalo lonse. Kampira kafupi pafupi ndi ukonde, Mwaba athamange. Kena pamwamba pa mutu, abwerere. Kena kafupi. Mwaba anagwa kawiri, siketi yoyera inafiira ndi dothi. Amayi a ku mpingo anaiwala kuti pa tenisi saimba nthungululu. Ba Mulenga anawayang'ana, koma sanawaletse.

Seti yachiwiri Mwaba anasiya kukwiya n'kuyamba kuganiza. Mipira yake inayamba kugwera kumapeto, umodzi pambuyo pa unzake, ndipo Felista anakankhidwira kumpanda, kumene kampira kafupi sikatheka. Ikagwera mkati, Felista ankangotambasula dzanja chafufumimba, kusonyeza kuti uli bwino, osapita n'kukaona komwe. Mwaba anatenga seti imeneyo.

Yachitatu inatenga ola. Dzuwa linapendeka. Bondo linayamba kuoneka. Felista ankati akamenya, n'kuima pang'ono ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Sanapemphe kupuma. Anafika pa magemu anayi, Mwaba asanu, itatsala imodzi kuti mwanayo apambane. Mpira womaliza anasinthana kambirimbiri, ine ndinasiya kuwerenga. Kenako Felista anayesa kampira kake kafupi kaja. Kanagunda pamwamba pa ukonde, n'kugwera mbali yake.

Basi.

Mwaba sanalumphe. Anaima pa ukonde akulira, raketi ili pansi. Felista anabwera akutsimphina, anamugwira dzanja, anamukoka khutu pang'ono.

"Ulilila chani? Wawina. Kuja ukaluza na ba kunja, uzaniona."

Ba Mulenga anatulutsa pepala lija. Anadula dzina limodzi ndi cholembera, analemba lina pamwamba pake, anasainitsa onse awiri. Mlongo wake wa Felista anadzatenga tepi yake kwa ine.

"Nikanadziwa sinikanamubwereka," anatero. Koma maso ake anali ofiira, ndipo ankayang'ana mlongo wakeyo ngati akumuona koyamba.

Pali funso limene landikhala pamtima. Bwalo likanakhala loona Lamulungu, Felista ali ndi mphamvu zake zonse, anthu ake akuimba, akanapambana? Mwina mipira itatu ija ikanamugwetsa. Mwina ayi. Palibe adzadziwe. Tsiku limenelo ndinamulanda ndine, ndi chingwe chonyowa, ndipo sindingamubwezere.

Mwezi wamawa mudzamva pa wailesi mayina a ana athu amene apita. Mudzamva Mwaba Chisanga, ndipo muombe m'manja, malowo ndi ake ndithu. Dzina lina simudzalimva. Lidzakhala ku Longacres likutaipa makalata. Inu amene muli pa mpando, pa ntchito, m'nyumba, pa malo a sukulu amene munawapeza chifukwa wina analakwitsa kapena anatsinzina dala, mungapite nokha kukanena, sikisi koloko m'mawa, musanafunsidwe ndi munthu?

Ine sindikanatha. Mwaona kale.

Anthu atachepa, Felista anali pa benchi akumanga bondo ndi bandeji. M'basi m'mawa uja, kuchokera ku Chelstone mpaka m'tauni, ndinali nditakonza mawu oti ndimuuze. Anali mawu abwino. Ndinapita n'kuima patsogolo pake, chipewa chili m'manja.

Anadzutsa mutu.

"Ngati mwabwera kudzapepesa, a Mwale, musayambe. Ndatopa."

Ndinatembenuza chipewa m'manja.

"Mulemba m'nyuzipepala yanu ija?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndiye mulembe kuti seti yoyamba ndinatenga sikisi kwa thuu. Pa bwalo lathunthu. Mwana wa ku Kabulonga anathamanga ngati wakuba pa msika wa Soweto." Anaseka, kenako anasiya, n'kupitiriza kumanga bondo. "Munali ndi mawu ena?"

Ndinali nawo. Ndinavala chipewa, ndinanyamula ndowa ya njereza yojambulira mizere, n'kumapita.